Pa senta ya kwathu kwa Maganga: zimene ndaona m'chaka chimodzi

Mukadutsa pa boma la Salima kulowera ku Senga Bay, n'kupatukira mumsewu wafumbi m'dera la Mfumu Yaikulu Maganga, mupeza nyumba ya zipinda ziwiri, ya njerwa zootcha ndi denga la malata, imene anthu akuno amangoitchula kuti pa senta. M'mawa imakhala sukulu ya mmera mpoyamba, masana ena mumalowa ophunzira a sukulu ya kwacha, Loweruka mumakumana amayi a banki mkhonde, ndipo kamodzi pamwezi pabwalo pake pamachitika sikelo ya ana. Ndakhala ndikuperekezako mdzukulu wanga wa zaka zinayi kwa chaka chathunthu, ndipo poti ndidaphunzitsa Sitandade 1 zaka zambiri ndisanapume pa ntchito, ndimayang'ana zochitika pamenepa ndi diso la munthu amene amadziwa kumene anawa akupita.

Chichokereni 1994, pamene maphunziro a pulayimale adakhala aulere, m'kalasi yoyamba mwakhala mukudzaza ana a zaka zisanu ndi chimodzi amene ambiri a iwo sadagwirepo pensulo, sadakhalepo pansi kumvetsera munthu wamkulu amene si mayi awo, ndipo amalira sabata yonse yoyamba. Mphunzitsi amatha teremu yathunthu akungowazoloweretsa kukhala m'kalasi. Sukulu ya mmera mpoyamba, imene imalandira ana a zaka zitatu mpaka zisanu, ndiyo imachotsa mtolo umenewo, ndipo pa ntchito imeneyi senta yathu ndikuyiyamikira ndi mtima wonse.

Alezi alipo atatu, onse amayi a m'midzi yomweyi, ndipo amayankhula Chichewa ndi Chiyao, chimene n'chofunika kwambiri kuno kunyanja kumene mwana wina amafika akudziwa chiyankhulo cha kwawo chokha. Zipangizo zawo n'zotola ndi zoumba okha: zidole zadongo, mpira wachikulunga, zitsekerero za mabotolo ndi zigoba za nkhono za kunyanja zowerengera. Tsiku lina ndidafika msanga kudzamutenga mwana, ndipo ndidaima pawindo n'kuona mlezi atagwada pamchenga umene adathira pakona pa chipinda, atagwira dzanja la kamnyamata kena n'kumaliyendetsa kuti chala chilembe "a". Kamnyamatako kadalakwitsa kanayi, ndipo nthawi iliyonse mayiyo ankasalaza mchenga ndi chikhatho osakweza mawu. Kachisanu chilembo chidatuluka chopendama koma chooneka, ndipo ana onse adauzidwa kuti amuombere m'manja. Ndidaphunzitsapo limodzi ndi anthu a masatifiketi amene kuleza mtima koteroko adalibe.

Chimene chimandipweteka n'chakuti amayi atatuwa amagwira ntchito mongodzipereka. Mmodzi yekha ndiye adapitako ku maphunziro a alezi a masabata awiri, ndipo enawo amaphunzira poonera mnzawo. Makolo tidagwirizana zoti tizisonkha kangachepe pamwezi kuti apeze sopo, koma osonkha ndi ochepa, ndipo amene salipira sangabwezeredwe mwana, chimene ndikuchivomereza. Nthawi yooka mpunga mlezi mmodzi adasowa masabata atatu chifukwa adapita kukagwira ganyu cha ku Lifuwu. Atabwerako adandiuza mwaulemu kuti, "Agogo, anawa ndimawakonda, koma kunyumba kwanganso kuli ana ofuna kudya." Ndidalibe choyankha, pakuti adanena zoona.

Nkhani ya phala ndiyo imagwira senta yonse. Ana amamwa phala cha m'ma 10 koloko, lophikidwa ndi makolo mosinthana, ndipo zinthu zikakhala bwino limakhala la mgaiwa wosakaniza ndi soya monga muja amapangira Likuni Phala, magawo anayi a chimanga ndi gawo limodzi la soya wokazinga, kapena lothira nsinjiro. Kuyambira Meyi mpaka Novembala phala silidasowepo, ndipo m'zipinda munkadzaza mpaka ana ena kukhala pakhonde. Januwale atafika chimanga cha m'munda wa senta chidatha, makolo nawonso adalibe choti apereke, ndipo moto wa kukhitchini udazima mpaka kumapeto kwa Febuluwale. M'masabata amenewo ndinkawerenga ana ofika ndi zala za m'manja mwanga, ndipo amene adasiya kubwera ndi omwe aja ankafunika phalalo koposa onse. Zinthu zidayamba kuthina kwambiri kuchokera pamene ndalama ya kwacha idachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, kenaka ng'amba ya 2024 imene idachititsa boma kulengeza kuti m'maboma 23 mwa 28 mwagwa tsoka la njala, kotero kuti banja limene kale linkapereka ndowa ya chimanga ku senta tsopano limawerengera mbale. Komabe ndikuona kuti komiti ikadatha kusunga matumba awiri kapena atatu a nthawi yokolola n'kuwathira mankhwala ophera anankafumbwe, m'malo mophika mowolowa manja m'miyezi imene ana amakhala atadya kale kwawo.

Sikelo imayenda bwino kwambiri. Alangizi a zaumoyo amafika pa njinga m'mawa, amapachika sikelo pa nthambi ya mtengo wa mango, amayeza mwana aliyense n'kulemba m'buku lake la kuchipatala, ndiponso amamuyeza mkono ndi kalamba ka mitundu itatu kaja, kamene kakafika pofiira, kutanthauza kuti mkono sukukwana masentimita 11.5, mwanayo amatumizidwa kuchipatala kuti akayambe kulandira chiponde. Katemera amaperekedwa pomwepo, kuphatikizapo wa chikuku amene mwana amabayidwa pa miyezi 9 ndi kubwerezanso pa miyezi 15, ndipo wachiwiriyu ndi amene amayi ambiri amamuiwala mwana akangoyamba kuyenda. Kwa mayi amene akadayenera kulipira kabaza kupita ndi kubwera, kukhala ndi sikelo pafupi chotere n'chithandizo chachikulu. Chodandaulitsa n'chakuti palibe mabenchi, ndipo amayi oyembekezera amene abwera ndi ana awo amakhala pansi nthawi yaitali.

Banki mkhonde ilibe vuto, amayi amasunga nthawi ndipo amagawana masheya awo mu Disembala popanda mkangano umene ndidamvapo. Sukulu ya kwacha ndiyo ikufooka, chifukwa mlangizi wake amabwera mwa apo ndi apo, ndipo abambo safikako n'komwe poopa kuonedwa akuphunzira kulemba dzina pamaso pa akazi awo.

Pa zaukhondo ndiye senta yalephera, ndipo sindibisa. Chimbudzi n'chimodzi chokha, cha akuluakulu, chokhala ndi dzenje lalikulu limene mwana wa zaka zitatu amaliopa, motero ana ambiri amangozungulira kuseri kwa nyumba. Mpondagiya wosambira m'manja adathyoka kalekale ndipo palibe adamukonza, ngakhale kuti amangofuna mitengo ingapo, chingwe ndi kachigubu. Mjigo uli patali ndithu, ndipo madzi akumwa amakhala m'ndowa yosavundikira yokhala ndi kapu imodzi ya ana onse. Ife a kunyanja tidaona ndi maso athu zimene kolera idachita mu 2022 ndi 2023, ndipo sindikumvetsa kuti malo osonkhanirapo ana ang'onoang'ono ambiri chotere angakhale bwanji opanda pomwe angasambe m'manja asanamwe phala. Kutentha nako n'kwina: nyumbayi ilibe siling'i, mawindo ake ndi ang'onoang'ono, ndipo mu Okutobala malata akagwira dzuwa la Salima alezi amakakamizika kutulutsa ana n'kukawaphunzitsira pansi pa mtengo.

Kholo limene likufunsa ngati lingatumizeko mwana ndimaliuza kuti litumize, koma limupatse kapu ndi supuni yakeyake, ndiponso botolo la madzi a kunyumba. Mdzukulu wanga tsopano amawerenga mpaka 20, amadziwa zilembo za a, e, i, o, u, ndipo amapereka moni atagwada, zimene sankachita chaka chapitacho. Msonkhano wa makolo ulipo mwezi wamawa, ndipo ndapempha kale kwa apampando a komiti kuti nkhani ya kachimbudzi ka ana ndi ya matumba osungira Januwale zikakhale zoyamba kukambidwa. Njerwa 500 za kachimbudziko ndalonjeza kupereka ndine, kuchokera pa uvuni umene mwana wanga adaotcha chilimwe chathachi.