FOCAL kapena BASIC pa PDP-8: muyambe ndi chiti?

Anzanga amene mwangoika SIMH (pulogalamu yotsanzira makompyuta akale) pa laputopu kuti mudzutse PDP-8, kompyuta yakale ya kampani ya DEC, funso loyamba limakhala la chilankhulo cholembera mapulogalamu. Ine ndimati yambani ndi FOCAL, ngakhale kuti BASIC ndi imene inapambana.

FOCAL inalembedwa ndi Richard Merrill wa kampani ya DEC mu 1968, potengera JOSS, chilankhulo cha ku bungwe lofufuza la RAND. Vuto limene ankalimbana nalo linali kuchepa kwa malo. PDP-8 wamba inali ndi ma word (timalo tosungira m'memori) 4,096 okha a ma bit 12, ndipo m'kamalo komweko munayenera kukwana chilankhulocho komanso pulogalamu yanu. N'chifukwa chake chilichonse mu FOCAL n'chofupikitsidwa. M'malo mwa TYPE mutha kungolemba T, ASK n'kukhala A, SET n'kukhala S. Mukalakwitsa sikuuzani ndi mawu, imangotulutsa chizindikiro cha funso ndi nambala, inu mukafufuze m'buku tanthauzo lake. Pa Teletype (makina otayipira olumikizidwa ku kompyuta) yosindikiza zilembo 10 pa sekondi, chilembo chilichonse chinali chamtengo.

Chimene chimandikoka mtima kwambiri ndi manambala a mizere. Mzere umalembedwa 2.10, 2.20, kutanthauza gulu 2, mzere 10. Mukalemba DO 2, gulu lonselo limagwira ntchito kenako n'kubwerera pamene munali. Pulogalamu imagawika yokha m'timagulu tooneka ndi maso. BASIC ya nthawi imeneyo inalibe zimenezi, inu munkangolemba GOSUB 500 n'kumakumbukira nokha kuti pa 500 pali chiyani.

Koma tafikani pa IF. FOCAL imafuna mulembe IF (X) 2.1, 2.2, 2.3, ndipo imalumphira pa mzere woyamba X ikakhala pansi pa ziro, wachiwiri ikakhala ziro, wachitatu ikaposa ziro. Kuti muyerekeze A ndi B muyenera kuchotsera kaye. Mu BASIC, imene John Kemeny ndi Thomas Kurtz anayambitsa ku Dartmouth mu 1964, mumangolemba IF A > B THEN 100, ndipo mwana wasukulu amamva pomwepo. Apa FOCAL yagonja, palibe kutsutsa. Yagonjanso pa kusunga mawu: imadziwa manambala basi, dzina la munthu kulisunga ndi chintchito.

Chinaigwetsa kwenikweni n'chakuti inali ya nyumba imodzi. Inkapezeka makamaka pa makina a DEC, pamene BASIC inkamveka pa makina a Hewlett-Packard, a Data General ndi kwina konse. Masewera a Lunar Lander, amene Jim Storer analemba mu 1969 ali pasekondale ku Lexington, Massachusetts, anabadwira mu FOCAL pa PDP-8. Chimodzimodzinso masewera a Hamurabi. Koma anafalikira padziko David Ahl, amene ankagwira ntchito ku DEC, atawasandutsa a BASIC, moti ambiri lero amaganiza kuti anayambira komweko. DEC yomweyo inafika poika BASIC-PLUS pa RSTS, pulogalamu yoyendetsa kompyuta yake ina ya PDP-11.

Ndiye ngati mukufuna kungokopera mapulogalamu akale a m'magazini n'kuwaona akuyenda, tengani BASIC, musavutike. Koma ngati mwadzutsa PDP-8 kuti mumve mmene anthu ankaganizira m'malo opanikiza chonchija, ikani tepi ya FOCAL-69, dikirani kanyenyezi (*) kaoneke, mulembe T 2+2 n'kudina RETURN.