Vitz ya mwana wanga ndi inshuwalansi yake, patatha chaka

Galimoto yake ndi Toyota Vitz ya 2008, ya injini yaing'ono ya 1.0, yosintha yokha magiya. Ndinagulira mwana wanga wamkazi atakwanitsa zaka 18 n'kutenga layisensi ya Class B ku RTSA, bungwe loona za pamsewu m'Zambia, ndipo tsopano chaka chatha ili m'manja mwake. Galimotoyo ndikuipatsa nyenyezi zinayi pa zisanu. Inshuwalansi ya comprehensive (yokonzanso galimoto yako yomwe ikachita ngozi) yomwe tinaidulira ndikuipatsa zitatu, ndipo zambiri zomwe ndilembe pano ndi za iyoyo, chifukwa m'pamene makolo anzanga kuno ku Chipata akupunthwa.

Alipo omwe anandinena kuti ndikumulekerera mwana. Ine sindinagule kuti azikanyadira nayo kwa anzake. Maso anga saonanso bwino kukayamba kuda, sitolo yathu ku Kapata imafuna munthu wokatenga katundu ku Down Shops, ndipo amayi anga ali ku Katete, miyendo ikuwavuta. Wina m'nyumba muno anayenera kugwira chiwongolero.

Sindinaitanitse ku Japan. Yodzera ku Dar es Salaam ndi ku Nakonde umaiona pa chithunzi chokha, kenaka msonkho wa ZRA, bungwe lotolera misonkho, umaupeza kutsogolo. Ndinagula kwa munthu wa m'tauni momwe muno, ndipo ndinapita ndi makanika wanga. Iye asanalize n'komwe injini, anayamba wafananiza nambala ya chassis ndi yomwe ili mu white book, chikalata cha umwini wa galimoto, kenaka anagwada n'kusuzumira pansi kuona ngati mafuta akudontha. Tinasinthanso umwini ku RTSA mwezi womwewo. Ambiri amangosunga kalata yogulitsirana m'kabati, white book n'kukhalabe m'dzina la mwini wakale. Tsiku la ngozi white book imeneyo a inshuwalansi amaifuna, ndipo mwini wakaleyo mwina anasamukira kale ku Kitwe.

Kwa wongoyamba kuyendetsa, Vitz ndi yabwino. Ndi yaifupi, moti mwana amaiimika bwinobwino pamsika pomwe njinga zonyamula anthu ndi njinga zamoto zimangotulukira mbali zonse. Mafuta imamwa pang'ono, zipangizo zake zimapezeka m'tauni momwe muno, ndipo palibe makanika yemwe saidziwa. Ilibe mphamvu zambiri, koma ineyo ndimakondwa nazo: ikanyamula anthu anayi ndi thumba la ufa, pachitunda imakwera mwaulemu, ndipo mtima wofuna kupitirira malole pa Great East Road umazirala wokha. Injini yake ndi ya masilinda atatu, choncho ikaima imanjenjemera pang'ono. Musaope, ndi mmene inapangidwira. Chomwe chandichotsetsa nyenyezi imodzi ndi kufupika kwake pansi. M'misewu ya fumbi ya ku Mchini ndi ku Nabvutika, mvula ikakumba, imakhula mimba pamiyala, ndipo mashoko akutsogolo tawasintha kale. Giyabokosi yake ndi ya mtundu wotchedwa CVT, imafuna mafuta akeake. Wina akathiramo a ATF wamba, a magiyabokosi ena osintha okha, mudzalira.

Tsopano za inshuwalansi. Lamulo la zapamsewu, Road Traffic Act ya 2002, limafuna kuti galimoto iliyonse ikhale ndi third party, ndipo popanda iyo simungalipire road tax. N'chifukwa chake anthu ambiri amaiona ngati kapepala kongomata pagalasi kuti apolisi pa roadblock akulole kudutsa. Koma third party imalipira munthu wina yemwe mwamuvulaza kapena kumuwonongera katundu, komanso ili ndi malire ake. Galimoto yanuyo siikhudza ngakhale pang'ono. Comprehensive ndiyo imakonzanso yanu, ndipo mtengo wake umatengera mtengo wa galimoto. Kwa ife kusiyana kwake kunali kwakukulu, moti mayi a kunyumba anayamba akana. Ndinawauza kuti mwana wongophunzira kumene sangathe chaka osakhula penapake.

Kampani sindiitchula, koma ili ndi ofesi m'tauni muno ndipo ili m'kaundula wa Pensions and Insurance Authority, bungwe loyang'anira makampani a inshuwalansi m'Zambia. Chomwe ndikuwayamikira choyamba n'chakuti mayi yemwe anatithandiza anafunsa mosabisa kuti, “Bambo, aziyendetsa kawirikawiri ndani?” Mnzanga wina anali atandilangiza kuti ndingolembetsa dzina langa, popeza ndine wamkulu ndipo layisensi yanga ndi yakale, mtengo utsike. Ndinakana. Ndinatchula mwana, zaka zake, ndi tsiku lomwe anatengera layisensi. Makolo anzanga, pamenepa musaname. Ukabisa woyendetsa weniweni, kampani ili ndi chifukwa chokanira kulipira, ndipo ndalama zonse zomwe wakhala ukupereka zimapita m'madzi.

Ngozi inachitika mu Januwale, mvula ikuwaza. Mwana amachokera ku Katete kokasiyira agogo ake mankhwala. Atadutsa pa toll gate, chisisira chitagwa, anangoona ngolo ya ng'ombe ili kutsogolo kwake, yopanda nyali, yopanda chonyezimira chilichonse kumbuyo. Anaponda mabuleki, koma anagundabe ngodya ya ngoloyo. Palibe yemwe anavulala, ng'ombe nazo zinapulumuka. Nditafika ndinamupeza ataima m'mbali mwa msewu, atayika kale matirayango kutsogolo ndi kumbuyo monga anamuphunzitsira, manja akunjenjemera, madzi obiriwira a mu radiator akuyenderera pa tala. Nyali yakumanzere inali itaphwanyika, bampala italendewera, boneti itapindika. Mawu ake oyamba anali akuti, “Atate, pepani.” Ndinamuuza kuti chitsulo chimagulidwa.

Mwini ngolo anali mlimi wachikulire wochokera kumunda. Inshuwalansi alibe, ndipo ngakhale tikanapita naye kukhoti, akanalipira ndi chiyani? Tikanakhala ndi third party yokha, Vitz ija bwenzi ili pamiyala kuseri kwa nyumba mpaka lero.

Kampani inalipira, ndipo sinakanganepo za woyendetsa chifukwa dzina lake linali pa fomu. Inafuna lipoti la apolisi, layisensi ya mwana, white book, zithunzi, ndi mitengo yolembedwa kuchokera ku magalaji angapo. Zonsezi n'zomveka. Zomwe zinandipweteka ndi ziwiri.

Choyamba ndi excess, gawo lomwe mwini galimoto amalipira yekha pa ngozi iliyonse. Ya nthawi zonse anandiuza podula, ndipo ndinavomera. Koma m'mapepala athu munalinso ina yowonjezera ya woyendetsa wachichepere kapena yemwe layisensi yake ndi yatsopano, yolembedwa m'Chingelezi cha timalemba ting'onoting'ono kumasamba akumapeto. Munthu yemwe anandifunsa yekha zaka za mwana wanga, n'kuzilemba ndi dzanja lake, anayenera kunditchulira pakamwa kuti zaka zimenezo zili ndi mtengo wake tsiku la ngozi. Sanatero. Ndinazimvera pa kauntala ndalama zitawerengedwa kale, nthawi yomwe feteleza wobereketsa anali atatidyera zonse za m'thumba.

Chachiwiri ndi kuchedwa. Ofesi ya kuno imalandira mapepala, koma chilolezo chokonzera galimoto chimachokera ku Lusaka, mtunda wopitirira makilomita 500. Milungu inadutsa galimoto ili pa galaji, ikunyowa ndi mvula. Ndikaimba foni, yankho linali lomwelo: “Tikudikira akulikulu.” Palibe tsiku lomwe iwo anayamba kundiimbira. Galaji yomwe anavomereza inagwira ntchito yabwino, utoto unafanana, koma nyali anaikamo yakale ya ku galimoto ina, ndipo imaoneka yachikasu poyerekeza ndi inzake.

Kanthu kena kwa ife a m'malire: inshuwalansi yathuyi imathera pa Mwami, pachipata cholowera ku Malawi. Mwana atafuna kuperekeza azakhali ake ku Mchinji, tinadula padera Yellow Card ya COMESA, bungwe la zamalonda la maiko a chigawo chino cha Africa, yomwe ndi third party yogwira ntchito m'maiko ena a bungwelo, kuphatikizapo Malawi. Kampani yomweyo inatipangira tsiku lomwelo popanda vuto.

Mwezi watha ndadulanso kwa iwo omwewo, popeza pa chachikulu sanandithawe. Koma ulendo uno ndinapita ndi mwana, ndipo ndinapempha mayi wa ku ofesi uja atiwerengere excess iliyonse m'Chinyanja, atiuze m'makwacha, n'kutilembera papepala. Anatero mosanyinyirika. Ndinafunsanso ngati mng'ono wa mwanayu, yemwe akutenga layisensi yophunzirira (provisional) chaka chino, angaphunzirire pa Vitz yomweyi. Anati tibwere naye tidzamulembetse asanaigwire, ndipo tadziwiratu kuti mtengo ukweranso.