Coccinelle: imasaka bwino, koma kuweruza imakusiyira

Ndakhala nayo milungu itatu pa laputopu yakale, m'kashopu kanga kokonza makompyuta kufupi ndi msika wa Kapata. Coccinelle ndi pulogalamu yaulere yomwe Julia Lawall wa ku Inria, ku France, amaisamalira, ndipo olemba kernel ya Linux (phata la Linux lomwe limayendetsa kompyuta yonse) amaiyendetsa ndi lamulo la make coccicheck. Umalemba kachitsanzo ka code yomwe ukufuna, iyo n'kupeta mafayilo onse.

Ine ndinaituma kuti indisonyeze ma function a mu fs/ (foda ya ma filesystem, code yosunga mafayilo pa disiki) omwe saitana capable(), function yofunsa ngati munthu ali ndi chilolezo. Malaiti atabwera usiku ndinaisiya ikugwira. M'mawa ndinapeza mndandanda wautali ngati mzere wa feteleza, mtima n'kuyamba kudziyesa katswiri.

Ndinayamba ndi ext4_freeze, function ya filesystem yotchedwa ext4. Imaimitsa kulemba pa disiki yonse, koma mkati mwake mulibe pofunsa chilolezo. Ndinatsala pang'ono kulemba lipoti. Mwayi ndinatsegula fs/ioctl.c, pomwe ioctl_fsfreeze imafuna CAP_SYS_ADMIN, chilolezo cha woyang'anira kompyuta, munthu asanafike n'komwe ku ext4. Zili ngati pa Mwami: pasipoti amadinda pa boda, ukafika pa msika wa Mchinji palibe akufunsanso. Ambiri pa mndandanda wanga anali otere, VFS, gawo la kernel lomwe pempho limadutsamo lisanafike ku filesystem, itafunsa kale kumtunda. Ena anali ongowerenga, osafunika chilolezo chilichonse.

Funso lenileni ndi lakuti, kodi pali kanjira ka m'tchire kolambalala boda? Bowo la chitetezo lodziwika ndi nambala ya CVE-2021-3493 linali choncho. Cheke cha ma file capabilities (zilolezo zomatidwa pa fayilo) chinali mu syscall ya setxattr, khomo lomwe mapulogalamu amalowera mu kernel, koma filesystem ya overlayfs inkaitana vfs_setxattr mwachindunji, osadutsa pa khomopo. Popeza Ubuntu inkalola munthu wamba kuchita mount ya overlay mu user namespace (kamalo kapadera komwe amaoneka ngati woyang'anira), ankatha kusanduka root, mwini mphamvu zonse pa kompyuta. Mu Linux 5.11 chekecho anachisamutsira mkati mwa vfs_setxattr.

Apa ndiye pomwe Coccinelle imafooka. Imayang'ana kwambiri mkati mwa function imodzi, pomwe ma filesystem amaitanidwa kudzera m'ma function pointer, osati potchula dzina la function. Woitana uja umamulondola wekha ndi grep, chida chosakira mawu m'mafayilo, chikho cha tiyi chikuzizira pambali. Chilankhulo chake cha SmPL nachonso chinandizunguza mutu, masiku awiri ndikungolimbana ndi timadontho take titatu toimira code iliyonse yomwe ili pakati.

Ndipitiriza kuigwiritsa ntchito, chifukwa kusaka kumene ndikanachita mwezi wathunthu imamaliza usiku umodzi. Pa mndandanda wanga patsala ma function anayi omwe sindinapezebe amene amawafunsira chilolezo, ndipo sinditumiza kalikonse kwa osamalira kernel mpaka nditayesa ndi akaunti yopanda sudo, ya munthu wamba.