Lonesome Dove: filimu ya kusinema kapena sewero la magawo?

Chimvereni kuti kampani ya Teton Ridge idagula mu 2025 ufulu wojambula mabuku a Lonesome Dove a Larry McMurtry, ife okonda nkhani za makauboyi mitima ili dyokodyoko. Funso limene tikukanganirana ndi limodzi: kodi zingatikomere atatipatsa filimu ya kusinema, kapena sewero la magawo la pa TV?

Mabukuwo alipo anayi, koma mwini mudzi ndi loyamba kutuluka, la 1985, limene lidapata mphoto ya Pulitzer mu 1986. Masamba ake amaposa 800. Limakamba za Augustus McCrae (amene amamutchula kuti Gus) ndi Woodrow Call, amene kale adali asilikali a Texas Rangers, ndipo atakula adaganiza zokusa ng'ombe masauzande kuchoka m'mphepete mwa mtsinje wa Rio Grande mpaka ku Montana.

Tiyambe ndi sinema, chifukwa amene akuifuna sakulakwa. Zigwa zopanda malire, fumbi la ng'ombe, mkuntho, kuwoloka mitsinje yodzaza, zonsezi zimafuna chinsalu chachikulu ndi mawu amphamvu. Ndalama za filimu zimapita m'maola awiri kapena atatu okha, choncho chithunzi chilichonse chimatuluka chosalala. Umboni wawo ndi True Grit, buku la Charles Portis la 1968, limene lidajambulidwa kawiri: filimu ya 1969 idampezetsa John Wayne mphoto ya Oscar, ndipo mu 2010 abale awiri a Coen adalijambulanso bwino kwambiri. Komatu True Grit ndi kabuku kafupi, ulendo wake ndi umodzi: mtsikana wa zaka 14 akusaka munthu amene adapha bambo ake. Nkhani yotere imakwana m'maola awiri osataya kanthu.

Lonesome Dove si yotero. Nkhaniyi idayambadi ngati filimu. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 McMurtry adailemba pamodzi ndi Peter Bogdanovich, akuganiza za John Wayne, James Stewart ndi Henry Fonda. Wayne adakana, filimuyo osajambulidwa. Patapita zaka McMurtry adaitenganso n'kuisandutsa buku, ndipo m'bukumo ndi mmene anthu adachuluka. Tsono mukaibwezera m'maola atatu, mudula ndani? July Johnson, wapolisi wa ku Arkansas amene akusaka mkazi wake womuthawa, angachoke. Clara, amene Gus wakhala akumukonda moyo wake wonse, angatsale ndi mphindi zisanu. Joshua Deets, kalondolondo wakuda amene gulu lonse limadalira maso ake, angangooneka ngati munthu wodutsa. Choyamba kudulidwa chingakhale macheza a Gus, kulongolola kwake kosatha pakhonde ndi pamoto, pamene machezawo ndiwo amatichititsa kumukonda. Imfa za m'bukuli zimapweteka chifukwa tayenda ndi anthuwo nthawi yaitali. Kutimana nthawiyo kuli ngati kuphula nyemba zisanapse.

Palinso mfundo ya ife eni. Ambirife tidzaonera pa TV ya kunyumba kapena pa foni, ndiye ubwino waukulu wa sinema, chinsalu chija, sudzatifika n'komwe.

Sewero la magawo lili kale ndi mbiri yabwino. Mu 1989 wailesi ya kanema ya CBS idaonetsa Lonesome Dove m'magawo anayi, pafupifupi maola asanu ndi limodzi, wotsogolera ali Simon Wincer. Robert Duvall adali Gus, Tommy Lee Jones adali Call, Danny Glover adali Deets, ndipo seweroli lidapata mphoto za Emmy 7. Pa nthawiyo anthu ambiri ankati nkhani za makauboyi zidatha ntchito, koma lidawatsutsa. Maola amenewo adakwanira kuti mtunda wa pakati pa Texas ndi Montana tiumve m'thupi, kuti ukali wa Call tiumvetse, ndiponso kuti kulephera kwake kuvomereza Newt kuti ndi mwana wake kutiwawe.

Magawo nawo ali ndi matenda awo: kukoka nkhani. Zidachitikapo kale mu 1993, pamene adatulutsa Return to Lonesome Dove, sewero losachokera m'buku lililonse la McMurtry, Jon Voight atalowa m'malo mwa Jones. Mayina adali omwewo, mahatchi adalipo, koma kwa ine moyo udalibe. Ndicho chimene ndikuopa ngati angasankhe masizoni osatha, chaka ndi chaka, malinga ngati anthu akuonera. Nkhani ya McMurtry ili ndi mathero ake, ndipo ayenera kufika pa nthawi yake.

Ine ndaima pa magawo owerengeka, asanu ndi atatu kapena khumi, buku limodzi sizoni imodzi. Ayambe ndi Lonesome Dove yeniyeniyo, osati mabuku anzake, Dead Man's Walk ya 1995 kapena Comanche Moon ya 1997, ngakhale zochitika zake n'zimene zili koyambirira. Unyamata wa Gus ndi Call umakoma ukawadziwa kale ali madala. Magawo owonjezerawo awagwiritse ntchito pamene sewero la 1989 lidaperewera, makamaka pa anthu a mitundu ya eni nthaka a ku America. Nthawi imeneyo Blue Duck, chigawenga chimene bambo ake ndi a mtundu wa eni nthaka wa Comanche, adaseweredwa ndi Frederic Forrest, mzungu, pamene m'sewero la Comanche Moon la 2008 udindowo udapita kwa Adam Beach, ndipo Wes Studi adali Buffalo Hump, bambo ake a Blue Duck; Beach ndi Studi onse ndi a mitundu ya eni nthaka. Njira yachiwiriyi ndiyo atsate. Chotsala n'kupeza munthu woti n'kukhala Gus osayesa kutengera Duvall, ndipo pamenepo ndikufuna kumva mayina amene inu anzanga muli nawo.