Kainjini kachiwiri kapena nkhafi ndi nsungwi pa Shire

Eni mabwato osema nkhaniyi siikuwakhudza, poti kumbuyo kwa bwato kulibe thabwa lomangirapo injini. Ndikulankhula ndi inu a maboti amatabwa ndi a faiba, amene muli kale ndi injini ya Yamaha ya 15 HP kapena 40 HP (HP ndi muyeso wa mphamvu ya injini), ndipo mukuganiza zogula kainjini kena kakang'ono koika pambali pake. Ofuna kainjinika amapereka zifukwa ziwiri: kuyenda pang'onopang'ono pokoka nyambo, ndi kudzipulumutsa injini yaikulu ikazima.

Chifukwa choyambacho n'chopepuka. Inde, mcheni wa kumunsi kwa mathithi a Kapichira amakonda nyambo yoyenda, ndipo injini yaikulu yosakaniza petulo ndi oilo ikamayenda mwaulesi nthawi yaitali mapulagi amada, utsi umachuluka, mapeto ake imatsamwa. Koma Shire si nyanja. Mukaloza kumtunda kwa mtsinje, madzi okha amaseweretsa nyambo ngakhale boti likungosuntha pang'ono, ndiye injini siifunika kuitsitsa moto kwambiri. Komanso ndalama za asodzi ambiri kuno zimachokera ku mphende ndi mlamba za m'maukonde a machela, m'mono ndi m'chavi (ukonde woponya). Kupatula amene amanyamula alendo okonda kuwedza, palibe angabweze ndalama ya injini ndi mcheni.

Chachiwiri ndiye pali nkhani. Injini ikazima pa mtsinje, boti silidikira kuti mupeze sipanala. Kuyambira pa Chiromo, pamene Ruo amathira mu Shire, tsidya lakum'mawa ndi Mozambique, ndipo nthawi ya dzinja madzi amathamanga atanyamula zitsa ndi zilumba za udzu. Anthu awiri ndi nkhafi sangakweze boti lamatabwa lodzaza nsomba ndi maukonde onyowa. Chimene angathe n'kuliwongolera ku gombe lililonse limene madzi awalola, kaya kuli bango, kaya ng'ona, kaya mvuu ya mwana. Nsungwi nayo pakati pa mtsinje siigunda pansi. Pamenepa kainjini kamapambana kutali. Chenjezo n'lakuti ka 2.5 HP kangokufikitsani ku gombe chopingasa, koma kuti boti lolemera libwerere kudoko motsutsana ndi madzi pamafunika 5 kapena 6 HP, ndipo mwendo wake utalike mokwanira kuti propela imire bwino.

Komabe tafunsani kaye kuti injini zathu zimazima chifukwa chiyani. Kawirikawiri ndi mafuta. Pa mafilingi petulo akasowa timagula wa m'zigubu, wina wamadzi, wina wazinyalala. Injini ziwiri zikamamwa m'thanki imodzi zimafera limodzi, ndiye mwanyamula makilo oposa 20 achabe. Kainjini kakhale ndi thanki yakeyake, ya petulo wosefa. Ngati ndi ka mtundu wa four-stroke, petulo wake sasakaniza ndi oilo, choncho zigubu zilembedwe, mnyamata wa pa boti asasokoneze m'bandakucha. Kafunikanso kukaliza sabata iliyonse. Kakangokhala miyezi kakupsa ndi dzuwa la Nsanje, petulo amauma m'kabuleta, ndipo tsiku la vuto mudzakoka chingwe mpaka matuza.

M'madambo a Elephant Marsh ndi Ndindi zinthu zimatembenuka. M'timakwalala tam'bango madzi ndi osaya, namasupuni amakulunga propela, matope amatseka pamene injini imakokera madzi oziziritsa. Chimene chalepheretsa yaikulu chilepheretsanso yaing'ono. Kumeneko nsungwi ilibe mnzake: siifuna petulo, siiopseza nsomba, ndipo ikathyoka mudula ina. Kainjini ka Honda ka 2.3 HP kamazizira ndi mphepo, choncho matope sakatseka, koma udzu pa propela suona dzina la kampani.

Za mtengo sindichulukitsa. Injini ndi zipangizo zake zimachokera kunja, ndipo chigwetsereni kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023, ndalama ya kainjini ingagule machela ambirimbiri. Onjezani kuti kopepuka kunyamula n'kopepukanso kuba, ndiye madzulo aliwonse n'kukasenza kupita nako kunyumba.

Ine ndimaona chonchi. Woyenda mu mtsinje waukulu, wokagula nsomba m'madoko akutali kapena woolotsa anthu pakati pa Bangula ndi Makhanga madzi atasefukira monga zinachitikira mu January 2015 ndi nthawi ya namondwe wa Freddy mu March 2023, agule kainjini, ndipo asagule kochepetsetsa. Wosodza m'dambo pafupi ndi kwawo asavutike nako.

Onse awiri asanaganize za injini ina ayambe ndi nangula. N'zodabwitsa kuona boti la injini yodula lilibe ngakhale chitsulo chomangirira ku chingwe. Nangula wolemera bwino, wa chingwe chotalika kangapo kuposa kuya kwa madzi, amaimitsa boti pomwe lazimirapo, inu n'kukonza mosathamanga. Amangidwe kumutu kwa boti, chifukwa akamangidwa kumbuyo madzi othamanga amalowera pa thabwa la injini. M'kachitini kotseka bwino mukhale mapulagi awiri, sipanala yake, chingwe china cholizira, mpeni wodulira udzu ndi ukonde pa propela, ndiponso mapini a propela ngati injini yanu ili ya mapini.