Mahedifoni a Bluetooth pa geni ya nsomba: sikirini yothima muli mkati moyankhula

Mahedifoni awa ndinawagula nyengo ya mwera, pano tili mkati mwa dzuwa la Okutobala. Ndi aja ovala m'khosi, a mabatani atatu mbali imodzi: lokwezera mawu, lotsitsira, ndi lapakati loyankhira ndi kudulira foni. Ine geni yanga ndi ya usipa ndi chambo. Ndimapikula kunyanja, kugulitsa pa boma pano pa Mangochi, wina n'kutumiza ku Limbe pa minibasi. Manja amakhala m'nsomba tsiku lonse, ndiye chimene ndinkafuna chinali kuyankha kasitomala osagwira foni. Pa chimenechi andithandiza ndithu, ndalama yanga sindiilira. Koma pali nkhani ya sikirini imene wogulitsa sangakuuzeni.

Mukayimba foni mahedifoni ali m'khutu, sikirini imayaka kanthawi kochepa, kenako imathima, foni n'kudziloka. Kuyankhulana kumapitirira bwinobwino. Mavuto amayamba mukafuna kudina kanthu. Imbani kumene kumayankha makina, kuja amati dinani 1 kuti mumve m'Chichewa. Pomwe mawu aja azimaliza kutchula zosankha zonse, sikirini yada kale. Mwayatsa, mwaika chala, chala chili ndi madzi ndi mamba, foni yakana. Mwapukuta pa chitenje, mwajambula pateni, mukufufuza pamene pabisala manambala, makina aja atopa nanu ndipo ayambiranso poyamba. N'chimodzimodzi kasitomala akati "mayi, ndatumiza ndalama ija, taonani ngati yafika", iye ali phee kudikira, inu mukulimbana ndi loko.

Chifukwa chake ndi ichi. Pamwamba pa foni, pafupi ndi kasipika komvera, pamakhala kasensa kotchedwa proximity sensor. Pa mafoni ambiri kamatulutsa kuwala kwa infrared kosaoneka ndi maso, ndipo kuwalako kukabwerera kuchokera pa tsaya, foni imadziwa kuti ili kukhutu n'kuthimitsa sikirini pomwepo. Mukaichotsa kukhutu imayakanso yokha osafunsa pateni. Koma pa mafoni ambiri a Android, mawu akangopita ku Bluetooth, ku mahedifoni a waya kapena pa laudi, pulogalamu yoyimbira imasiya kumvera kasensako chifukwa imaona kuti foni siili kukhutu. Chimene chimatsala n'kulamulira sikirini ndi nthawi imene munatchera mu Settings, pa Display, pamene palembedwa Screen timeout. Pamenepo mumasankha masekondi 15, masekondi 30, miniti 1, mpaka mphindi 10 kapena kupitirira. Choncho mahedifoniwo alibe mlandu. Ngakhale mutagula odula bwanji, foni ichita zomwezo.

Mnyamata wina wokonza mafoni mumsika anaiona n'kunena kuti, "Amayi, pulotekita yaphimba sensa." Anaika ina yokhala ndi mpata pamwamba. Zinathandiza pa vuto lina, loti ndikayankhula foni ili kukhutu sikirini inkachedwa kuyaka ndikamaliza. Koma la mahedifonili silinasunthe, popeza kasensa kaja kamakhala kali pa tchuthi nthawi imeneyo.

Aliyense amene ndinamudandaulira anati ndingokweza nthawi ifike mphindi 10. Ndinakweza, ndipo apa mpamene ndinapeza vuto loposa loyamba lija. Foni ndimaisunga m'kachikwama ka m'chiuno, pansi pa chitenje. Kutentha kwa kuno mukukudziwa, nsalu imanyowa ndi thukuta isanakwane 9 koloko, ndipo sikirini siisiyanitsa chala ndi nsalu yonyowa yokhudza thupi. Foni ili m'kachikwama sikirini ikuyaka, mabatani onse ali poyera. Tsiku lina msodzi wa ku Makanjila anandiimbira kuti usipa wafa wambiri, ndinene msanga ndikufuna ndowa zingati. Ndayamba kuyankha, iye ali "Halo mayi? Mukundimva? Halo?" Ine ndikumumva bwinobwino, ndikukuwa mpaka anzanga a pa benchi kucheuka. Potulutsa foni ndinapeza Mute, ija yotseka mawu anga, yadinika yokha. Poti ndimuimbirenso, netiweki ya kumeneko inali itathawa, usipa anatenga wina. Nthawi zina imadinika ndi Hold, ija yoimitsa kaye kuyankhulana, nthawi zina batani lofiira lenilenilo.

Batire nayo imalira. Sikirini ndi imodzi mwa zinthu zodya moto kwambiri pa foni, ndipo pa dzuwa la kugombe imadziwalitsa mpaka mapeto kuti muone. Foni imatentha, masana asanapendeke yatsala pang'ono, ndipo ngati magetsi anathima usiku ndiye kulipira kotchajitsa.

Pali tinthu tiwiri timene timasokoneza anthu. Koyamba, pa mafoni ena mukatsegula zosungira batire, nthawi ya sikirini imatsika yokha kufika masekondi 30, ngakhale inu munatchera zambiri. Ndiye m'mawa zikuyenda, madzulo batire itachepa vuto labwerera, inu n'kumati foni yalodzedwa. Kachiwiri kali mu Settings momwemo, pa Accessibility, kolembedwa Power button ends call. Kakakhala kotsegula, mukadina batani la m'mbali kuti muthimitse sikirini musanaike foni m'thumba, mwadula munthu. Katsekeni ngati mumagwiritsa ntchito mahedifoni.

Za chala chonyowa, mwana wa mchemwali wanga anandionetsa Smart Lock, imene pa mafoni atsopano ikutchedwa Extend Unlock. Mumauza foni kuti mahedifoni awa ndi odalirika, ndiye akakhala olumikizidwa siifunsa pateni. Zimagwiradi ntchito. Ndinazichotsa ndekha patapita nthawi, chifukwa Bluetooth imafika mamita pafupifupi 10. Munthu atasolola foni pa depoti, ine mahedifoni ali m'khosi, akhoza kuima kuseri kwa minibasi n'kutsegula mauthenga ndi zithunzi zonse. Ndalama za pa foni zili ndi PIN yake, inde, koma manambala a makasitomala anga ndi asodzi nawonso ndi chuma. Amene amagwira ntchito mu ofesi kapena m'shopu yotseka, kwa iwo n'zabwino.

Mmene ndikuchitira pano: nthawi ya sikirini ili pa mphindi 2, zokwanira kumvera makina aja mpaka kudina. Ndikadziwa kuti ndikungocheza ndi munthu, ndimadina batani la m'mbali kuthimitsa sikirini ndisanaponye foni m'kachikwama. Ndinatsekanso zija zoti foni iziyaka mukaigogoda kawiri kapena mukainyamula, chifukwa pa kabaza mabampu okha ankaidzutsa. Kuyankha, kudula ndi kukweza mawu, zonse ndimachitira pa mahedifoni. N'chifukwa chake timahedifoni tija tating'ono topanda chingwe, tongokhudza ndi chala, sindingatilimbikitse kwa munthu wa manja onyowa. Batani lenileni umalimva kuti ladinika ngakhale uli ndi mamba mpaka m'zigongono.

Mahedifoni enieniwo akalamba pang'ono. Poyamba ndinkatha masiku osawatchaja, pano amafuna moto pafupipafupi. Kamphira kamodzi ka m'khutu kanagwera mumchenga, ndinaika kena mwa tapadera timene tinali m'bokosi, choncho bokosi musataye. Maikolofoni ndi yabwino m'nyumba ndi mumsika, koma kugombe mphepo ikamawomba, kapena podutsa pa mlatho wa Bakili Muluzi pa njinga yamoto, wa mbali inayo amangomva phokoso, mpaka nditaiphimba ndi dzanja. Batani lapakati layamba kulimba, mwina ndi mchere wa thukuta, moti ndimalidina ndi chikhadabo. Likadzafa ndidzagulanso a m'khosi omwewa, koma ndidzayang'ana pa bokosi ngati palembedwa IPX4, chizindikiro choti amapirira thukuta ndi madzi odontha.