Wometa wa ku Chilenje amene sanalakwitsepo kanthu

Ndakhala ndikumetetsa kwa bambo ameneyu zaka zingapo tsopano, m'kashopu kake kuseri kwa msika wa Chilenje ku Lusaka. Ntchito amaidziwa. Makina amawapukuta ndi sipiriti munthu asanakhale pampando, dzanja lawo ndi lofewa, ndipo ndi K30 yokha mzere wa pachipumi umatuluka wowongoka bwinobwino. Tiziphuphu ta kukhosi tomwe ndinkavutika nato kale tinatheratu.

Koma pakamwa, abale! Ukangovala nsalu ija m'khosi, msonkhano wayamba. Za chipani chawo, za mtengo wa ufa, za madzi a m'damu la Kariba, zonse ali ndi yankho limodzi, ndipo wotsutsa ndiye kuti "sanawerenge". Iwe lumo lili pakhosi, ungatsutse bwanji? Umangoti "eya, akulu". Amanena kuti sanasinthepo maganizo chibadwire, komatu ine ndikukumbukira chithunzi chimene chinali pamwamba pa galasi chisankho cha 2021 chisanachitike. Pano pali kalendala, zipsera za guluu zikuonekerabe m'mbali.

Tsiku lina agogo ena, omwe anaona zipolowe za ufa za mu 1990 nthawi ya Kaunda, anawafunsa modekha kuti, "Mwanawe, iwe unali kuti pamenepo?" Bambo aja sanayankhe. Anangokweza wailesi.

Chimene chinandikhudza chinachitika mu 2024, magetsi akuzima pafupifupi tsiku lonse chifukwa cha chilala. Makina anaima mutu wanga uli theka, mbali ina yometa, ina thengo. M'shopu tinatsala awiri. Anatenga sizasi ndi chipeso, chala chikunjenjemera pang'ono, kenaka anawerama n'kundinong'oneza: "Achimwene, kwa mnyamata watsegula kutsidya uja, wa sola uja, mwapitako? Akuti amameta bwino kuposa ine?" Ndinati sindinapiteko. Anafunsanso kawiri, maso ali pagalasi kufufuza nkhope yanga. Atamaliza anakana ndalama, ati asandikhumudwitse.

Sabata yotsatira ndinawapeza akukalipira gulu lonse kuti sola ndi chinyengo cha azungu.

Pitani mkati mwa sabata m'mawa, anthu asanachuluke, pakuti akasowa omvera amameta mwachangu ndiponso bwino kwambiri. Loweruka masana musayerekeze, pokhapokha ngati muli ndi maola awiri otaya. Ine ndipitanso Lachiwiri, tsitsi lakula.